ZIMBABWE: Fani ikamazungulirabe injini itazima, yambani mwayang'ana wotchi

CHINHOYI – M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene dzuwa limakhala loswa mtengo m'madera a mafamu akuluakulu a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, oyendetsa magalimoto ambiri amakumana ndi chinthu chowaimitsa mutu. Munthu wafika pakhomo, wazimitsa injini ndi kuzula kiyi, koma pansi pa boneti pakumvekabe mkokomo wa fani, ngati kuti galimotoyo ikadali pa ulendo.

Ena amachita mantha ndipo amathamangira kukadula waya. Ena amangotseka zitseko n'kukagona, m'mawa n'kupeza batire latheratu mphamvu. Onsewa angathe kulakwitsa, pakuti fani yozungulira injini itazima nthawi zina imakhala ikugwira ntchito imene anaipangira, pomwe nthawi zina imakhala ikuulula vuto. Chosiyanitsa ziwirizi ndi kutalika kwa nthawi imene fani yakhala ikuzungulira, komanso ngati injini ndi yotentha kapena yozizira pa nthawiyo. Mwini galimoto amene wayankha mafunso awiriwa amakhala atayandikira kale pamene pagona vuto, asanatulutse ndalama iliyonse.

Magalimoto anasintha, malo okonzera anachepa

Anthu ochuluka ndithu okhala m'makomboni a m'mafamu ozungulira Banket, Trelawney, Raffingora, Mvurwi, Centenary ndi Shamva ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi m'nthawi ya atsamunda. Ena anabwera kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1946 ndipo ku Malawi linkadziwika ndi dzina loti Mthandizi. Chichewa chikulankhulidwabe m'madera amenewa, ndipo malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amachitchula pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Chaka cha 2000 chisanafike, mafamu akuluakulu a m'dzikomo ankalemba ntchito anthu oposa 300,000, ndipo mafamu ambiri ankakhala ndi malo awoawo okonzera mathirakitala ndi magalimoto. Ndondomeko yogawanso malo mwachangu imene boma linayamba mu 2000 inasintha moyo umenewu. Antchito ambiri anataya ntchito, ochepa okha ndi amene anapatsidwa minda, ndipo mabanja anayamba kudalira maganyu, kukumba golide ndi geni. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan anayamba kulowa mwaunyinji. Magalimoto monga Honda Fit, Toyota Wish ndi Toyota Probox ndi amene tsopano amanyamula anthu ndi katundu pakati pa mafamu ndi matauni, pa ntchito imene ku Zimbabwe amaitcha mushikashika. Kwa banja limene linasonkherana kuti ligule galimoto yotere, iyo ndiyo munda, ndiyonso ambulansi ya komboni yonse.

Kusintha kumeneku kukukhudza nkhani ya fani mwachindunji. Mathirakitala ndi mapikapu akale, monga a Mazda amene ankamangidwa pa fakitale ya Willowvale ku Harare, anali ndi fani yoyendetsedwa ndi lamba wochokera ku injini. Injini ikazima, fani nayo inkaima nthawi yomweyo. Koma m'magalimoto ang'onoang'ono amasiku ano injini imagona mopingasa, ndipo rediyeta ili kutsogolo kumene lamba sangafike. Choncho fani yake ili ndi kamota kakekake kotenga mphamvu ku batire. Fani yotere sidalira injini kuti izungulire. Imangofuna magetsi ndi chinthu choilamula kuti iyake.

Pali kusiyana kwinanso kumene kumakulitsa vutoli. Pikapu yakale batire likatha, anyamata anayi ankaikankha n'kulira. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amasintha okha magiya, ndipo galimoto yotere silira chifukwa choikankha. Pa famu imene ili mtunda wa makilomita ambiri kuchoka pa msewu wa tala, batire lotha usiku limatanthauza kuti wodwala safika ku chipatala m'mawa, ndipo matimati kapena mabelo a fodya safika ku msika.

Zimene zimachitika injini ikangozima

Injini ikamalira, pampu imazunguliza madzi oziziritsa kuchokera m'injini kupita ku rediyeta, kumene mphepo imachotsa kutentha, kenako madziwo n'kubwerera. Pa njira ya madziyo pali kachipangizo kotchedwa thermostat, kamene m'magalimoto ambiri kamayamba kutseguka kutentha kukafika pakati pa madigiri 80 ndi 90. Galimoto ikamathamanga pa msewu waukulu, mphepo yolowa kutsogolo imakwanira. Ikamayenda pang'onopang'ono kapena ikaima injini ikulira, fani ndi imene imakoka mphepoyo, ndipo kawirikawiri imayaka madzi akafika pakati pa madigiri 95 ndi 105, malinga ndi mtundu wa galimoto.

Kiyi akazulidwa, pampu imaima ndipo madzi amaleka kuzungulira. Koma zitsulo za injini, makamaka mutu wake ndi mapaipi otulutsa utsi, zimakhala zikadali zotentha kwambiri, ndipo kutenthako kumalowa m'madzi amene angoima malo amodzi. Zotsatira zake n'zakuti kwa mphindi zingapo injini itazima, madzi amatentha kuposa mmene analili galimoto ikuyenda. Amayi ophika ndi mphika wadothi amazidziwa izi: nyemba zimapitiriza kubwadamuka ngakhale mphika utaphulidwa pamoto.

N'chifukwa chake opanga magalimoto ena anakonza dala kuti fani izitha kuzungulira kiyi atachotsedwa. Mu Volkswagen Citi Golf, yomwe inkapangidwa ku Uitenhage m'dziko la South Africa kuyambira 1984 mpaka 2009, swichi ya fani imalandira magetsi nthawi zonse, kotero fani imatha kuyaka yokha galimoto itaima kale. Magalimoto ena a Honda Accord a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anali ndi kachipangizo kowerenga nthawi kololeza fani kuzungulira mpaka mphindi 15. M'magalimoto a dizilo amakono muli sefa yogwira mwaye wa mu utsi, imene nthawi ndi nthawi imadziyeretsa potentha mwayewo pa madigiri pafupifupi 600. Injini ikazimitsidwa ntchitoyi ili mkati, fani imapitiriza kwa kanthawi, ndipo pamamveka kafungo ka chinthu chotentha.

Komabe m'magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Japan fani imaima kiyi akangozulidwa. Choncho chofunika kwambiri ndi chakuti mwini galimoto adziwe khalidwe la galimoto yake. Imene yakhala ikuchita zimenezi chiigulireni, makamaka pa masiku otentha, siyenera kudetsa nkhawa. Imene yangoyamba kumene zimenezi iyenera kufufuzidwa.

Madzi amawira msanga ku Mashonaland

Pali mfundo ina imene mabuku a magalimoto olembedwera mayiko ena satchula. Madera ambiri a mafamu a ku Mashonaland ali pa malo okwera kwambiri. Mzinda wa Harare uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo Marondera ndi wokwera kuposa pamenepo. Pa malo okwera chotere mpweya supanikiza kwambiri, kotero madzi wamba amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100.

Izi zikutanthauza kuti pa kutentha kumene fani imayakira, madzi wamba akhoza kukhala atayamba kale kuwira. Chimene chimawaletsa ndi chitsekerero cha rediyeta. Chitsekererochi chili ndi sipuling'i imene imasunga mpweya wopanikizana mkati, ndipo pamwamba pake pamalembedwa nambala monga 0.9 kapena 1.1. Chikakhala chabwino, madzi sawira mpaka atadutsa madigiri 115. Mphira wake ukang'aluka kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira injini ikangozimitsidwa, ena amatayika, ndipo tsiku lotsatira injini imatentha msanga kuposa dzulo. Chitsekerero ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa galimoto, koma ndi chimenenso anthu ambiri sachiganizira.

Mayankho atatu a wotchi

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Fani ikapitiriza kuzungulira, chinthu choyamba ndi kuyang'ana wotchi ndi kudikira. Zimene zingatsatire zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi pamene fani yazungulira kwa mphindi zochepa, mwina ziwiri, zisanu kapena khumi, pambuyo pa ulendo wautali, wa chitunda kapena wa katundu wolemera, kenako n'kuima yokha. Apa palibe vuto. Batire labwino silitha chifukwa cha mphindi zimenezi.

Gulu lachiwiri ndi pamene fani imaima yokha, koma imachedwa kuposa kale, kapena imachita zimenezi ngakhale pambuyo pa ulendo waufupi wa m'mawa. Apa fani ilibe mlandu. Ikungosonyeza kuti injini ikutentha mopitirira muyeso, ndipo vuto liyenera kufunidwa ku madzi ndi ku rediyeta.

Gulu lachitatu ndi pamene fani siima konse, ngakhale patadutsa theka la ola ndipo injini yazizira moti munthu angaike dzanja pa paipi ya mphira ya pamwamba pa rediyeta. Nthawi zina imayaka yokha usiku galimoto isanayende tsiku lonse. Limeneli ndi vuto la magetsi, ndipo ndi limene limamaliza batire.

Fani yosaima konse: yambani ndi relay

Kamota ka fani kamakoka magetsi ochuluka, amene sangadutse m'timawaya ting'onoting'ono ta kompyuta ya galimoto. Choncho pakati pamaikidwa relay, kabokosi kocheperapo kuposa bokosi la machesi. Mkati mwake muli koyilo ndi tizitsulo tiwiri. Magetsi ochepa akalowa m'koyilo, iyo imasanduka maginito n'kukoka kachitsulo kena kuti kagunde kanzake, ndipo magetsi ambiri amadutsa kupita ku fani. M'magalimoto ambiri mbali ya magetsi ambiriyi imachokera ku batire kudzera pa fyuzi yokha, osadutsa pa kiyi.

Nthawi iliyonse imene tizitsuloti tagundana kapena kulekana pamathetheka kamoto. Pakapita zaka timapsa, ndipo tsiku lina timamatirirana. Zikatero fani imalandira magetsi usana ndi usiku, kaya kiyi ali m'thumba. Kamota kokalamba, kodzaza fumbi la m'misewu ya m'mafamu, kamakoka magetsi ambiri kuposa kale ndipo kamafulumizitsa kupsaku. N'chifukwa chake relay yatsopano ikapsanso pasanapite nthawi, woyenera kumukayikira ndi kamotako.

Kuyesa relay sikufuna zida zambiri. Tsegulani bokosi la mafyuzi la pansi pa boneti. Kuseri kwa chivindikiro chake kuli chithunzi chosonyeza malo a chilichonse, ndipo relay ya fani imasonyezedwa ndi kachithunzi ka fani kapena mawu monga FAN kapena RAD FAN. Igogodeni pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Fani ikaima pomwepo, ndiye kuti tizitsulo tija tinamatirirana, ndipo relay imeneyo ndi yofunika kusintha ngakhale ioneke ngati yachira.

Ngati fani sinaime, zulani relay. Ikaima tsopano, ikani pamalopo relay ina yofanana nayo ndendende pa miyendo ndi pa nambala, monga ya hutala ngati ili yofanana. Fani ikakhala chete ndi relay yobwerekayo, vuto linali la yoyamba ija. Koma mukamva kuti thi pamene mukuilowetsa, fani n'kuyambanso, ndiye kuti relay ilibe vuto: pali chinthu china chimene chikuilamula kuti iyake. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi angatsimikize poyeza miyendo iwiri ya magetsi ambiri, imene imalembedwa 30 ndi 87, kapena 3 ndi 5 pa marelay ambiri a ku Japan. Relay ikakhala m'manja, miyendo imeneyi siyenera kulumikizana.

Fani ikapitirizabe ngakhale relay itazulidwa, kumbukirani kuti magalimoto ambiri ali ndi marelay a fani awiri kapena atatu, ena a liwiro lochepa, ena a liwiro lalikulu, ena a makina oziziritsa mkati mwa galimoto. Onse akazulidwa fani n'kumazungulirabe, ndiye kuti magetsi akufika pa njira ina. Mwina mawaya awiri anakhulana mpaka kusenda ndi kugundana, kapena wina amene anakonzapo galimotoyo kale analumikiza fani ku batire mwachindunji. Waya wa mtundu wosiyana ndi anzake, wokulungidwa ndi tepi kapena ndi mphira wa chubu, ndiye mboni ya ntchito yotere.

Pamene sensa ikunama

Chimene chimauza galimoto kuti madzi atentha ndi sensa, kachipangizo komangidwa pa mutu wa injini kapena pafupi ndi thermostat, nsonga yake itamira m'madzi. M'magalimoto akale inali swichi wamba yotseka ndi kutsegula magetsi. M'magalimoto a kompyuta, sensa imalola magetsi kudutsa mosavuta pamene madzi akutentha. Pa masensa ambiri mita imaonetsa pakati pa ma ohm 2,000 ndi 3,000 madzi ali pa madigiri 20, ndipo nambalayo imatsika kufika pafupifupi 300 pa madigiri 80. Nambala yeniyeni ya galimoto iliyonse imapezeka m'buku lake.

Sensa ikawonongeka, kapena waya wake ukaduka, kompyuta imasowa uthenga. M'magalimoto ambiri inakonzedwa kuti zikatero iziyatsa fani, chifukwa fani yozungulira pachabe ndi yabwino kusiyana ndi injini yopsa. Zizindikiro zake n'zakuti fani imayaka kiyi akangotembenuzidwa injini ili yozizira, kanyali kochenjeza za injini kamayaka, galimoto imavuta kulira m'mawa ndipo imamwa mafuta ambiri.

Musanagule sensa yatsopano, yang'anani pulagi yake. Fumbi, madzi ndi dzimbiri lobiriwira pa timiyendo take zimasokoneza uthenga mofanana ndi sensa yakufa. M'mafamu mulinso mdani wina. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena shedi ya chimanga imakopa makoswe, amene amakonda kufunda kwa injini ndipo amatafuna mawaya. Makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto angathandize kufupikitsa ntchito: manambala oyambira P0115 mpaka P0119 amanena za sensa ya madzi, pomwe P0480 imanena za njira ya magetsi olamulira fani.

Pamene injini ikutenthadi

Vuto la gulu lachiwiri ndi limene limadula kwambiri likanyalanyazidwa. Kufufuza kwake kumachitika m'mawa, injini itazizira usiku wonse. Yambani ndi kuchuluka kwa madzi, m'kabotolo ka pambali ndi mu rediyeta momwe. Madzi akachepa, nsonga ya sensa imakhala mu nthunzi m'malo mokhala m'madzi, ndipo uthenga wake sukhalanso wodalirika. Madzi sachepa popanda chifukwa, choncho funani pamene akudontha: pa mapaipi a mphira, pa pampu, kapena m'mbali mwa rediyeta pamene pulasitiki yakumana ndi chitsulo. Zoyerayera kapena zobiriwira zouma pa malo amenewa zimasonyeza podontha.

Kenako yang'anani kumaso kwa rediyeta. Galimoto yoyenda m'tinjira ta m'minda imakolola njere za udzu, mankhusu, tizilombo ndi matope, zimene zimatseka timipata todutsa mphepo. Zambiri zimabisala pakati pa rediyeta ndi chipangizo china chofanana nayo cha makina oziziritsa mkati, chimene chili kutsogolo kwake. Tsukani ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, chifukwa madzi a mphamvu amapinda timapepala ta chitsulo ta rediyeta.

Mkati mwa rediyeta namonso mumatsekeka. Madzi a pa mjigo ndi a m'chitsime nthawi zambiri amakhala ndi mchere wa m'nthaka umene umatsala m'timipaipi, monga mmene umatsalira pansi pa ketulo. Madzi a mu damu amabwera ndi matope. Oyenera ndi madzi osungunulidwa kuchokera ku nthunzi, aja amathiridwa m'batire, kapena zikavuta madzi a mvula oyera, osakanizidwa ndi mankhwala a mu rediyeta monga mwa malangizo a pa botolo. Anthu ena amaganiza kuti mankhwalawa ndi a kumayiko a chipale okha, koma ntchito yake ina ndi kuletsa dzimbiri ndi kukweza mlingo umene madzi amawirira.

Thermostat nayo imatha kukanirira yosatseguka mokwanira. Chizindikiro chake n'chakuti injini imatentha kwambiri pomwe rediyeta ikadali yofunda chabe. Choopsa kuposa zonse ndi gasiketi ya mutu wa injini. Ikapsa, madzi amachepa popanda podontha pooneka, m'madzi mumatuluka thovu losaleka injini ikamalira, ku ekizosi kumatuluka utsi woyera, ndipo oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Galimoto yoonetsa zizindikiro zimenezi siyenera kuyendanso mpaka itakonzedwa.

Zochita usiku, kutali ndi galaja

Masamu a batire ndi osavuta. Batire la galimoto yaing'ono limasunga mphamvu yokwana maampeya pakati pa 30 ndi 45 kwa ola limodzi. Fani yokoka maampeya 10 ingathe kumaliza batire la maampeya 35 m'maola atatu ndi theka, ndipo mphamvu yolizira injini imakhala itatha kale nthawi imeneyi isanakwane. Batire lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 injini ili yozima, ndipo likatsika kufika pa 12.2 limakhala litatsala ndi theka. Batire la galimoto likatheratu kangapo, silibwereranso mwakale ngakhale litatchajidwa.

Choncho ngati padutsa mphindi 20, injini yazizira koma fani sikuima, zulani relay kapena fyuzi ya fani. Ngati simukuipeza, masulani waya wa batire wa mbali ya chizindikiro chochotsera, podziwa kuti wotchi ndi wailesi zidzafunika kutcheranso. Chofunika kwambiri ndi kukumbukira kubwezeretsa m'mawa. Njira yosavuta ndi kuika relay yozulidwayo m'thumba limodzi ndi kiyi, kapena pa mpando wa woyendetsa. Galimoto ya fani yosaima ingathe kuyenda bwinobwino mpaka kwa makaniko. Koma galimoto yopanda fani, yodzaza anthu, yoyenda pang'onopang'ono m'msewu wa maenje, ingathe kuwiritsa madzi pa mphindi zochepa.

Pogwira ntchito zonsezi, fani iyenera kuonedwa ngati chinthu chimene chingayake nthawi ina iliyonse. Zala, manja a malaya ndi ana ziyenera kukhala kutali nayo, ndipo amene akufuna kuigwira ayambe wamasula batire. Chitsekerero cha rediyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha, pakuti madzi opanikizidwa amatumphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Mwa magalimoto ochokera ku Japan mulinso oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, monga Toyota Aqua ndi mitundu ina ya Honda Fit. Mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi otha kupha munthu, ndipo sayenera kukhudzidwa ndi amene sanaphunzire ntchitoyo.

Njira zachidule zimene zimawononga

Kumene zipangizo zimasowa, anthu amapeza njira zawo, ndipo zina mwa izo n'zanzeru. Koma pa nkhani ya fani pali njira zitatu zofala zimene zimabala mavuto aakulu kuposa amene zinkathetsa.

Yoyamba ndi kulumikiza fani mwachindunji kuti izizungulira nthawi zonse. Kamota kamatha msanga, ndipo vuto lenileni, kaya ndi sensa kapena rediyeta yotsekeka, limangobisika mpaka tsiku limene lidzaonekere pa msewu. Yachiwiri ndi kuchotsa thermostat poganiza kuti m'dziko lotentha ndi yosafunika. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, makamaka m'mawa wa mu Juni ndi Julayi pamene madera okwerawa amazizira kwambiri. Kompyuta imaona ngati injini ikadali yozizira ndipo imapitiriza kuthira mafuta ambiri, mwini galimoto n'kumalipira pa malo omwetsera mafuta tsiku ndi tsiku. Yachitatu, yomwe ndi yoopsa kwambiri, ndi kuika waya wamba pamalo pa fyuzi yopsa. Fyuzi imapsa kuti mawaya asapse. Popanda iyo, kamota kakagwira, mawaya amatentha mpaka kuyaka, ndipo galimoto yoyaka pakati pa udzu wouma wa m'chilimwe imatha kutentha minda ndi nyumba za anthu ena.

Mu 2021 boma la Zimbabwe linakhwimitsa malamulo olowetsa m'dzikomo magalimoto opitirira zaka 10 chiwapangireni. Magalimoto amene analowa kale akupitiriza kugwira ntchito uku akukalamba, ndipo marelay, masensa ndi mawaya ake akufika pa msinkhu umene mavuto otere amachuluka. Zipangizo zake zimapezeka m'matauni monga Chinhoyi, Bindura ndi Marondera, komanso m'masitolo a mu msewu wa Kaguvi ku Harare. Wopita kukagula ayenera kutenga chipangizo chakalecho m'manja kuti akayerekeze miyendo ndi nambala, chifukwa marelay ofanana kunja amatha kusiyana mkati. Amene amakhala kutali, monga kumafamu a ku Karoi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Harare, angachite bwino kusunga relay imodzi ndi mafyuzi angapo m'galimoto.

Pofika kwa makaniko, mwini galimoto akhale ndi mayankho atatu: fani imazungulira mphindi zingati, injini imakhala yotentha kapena yozizira, ndipo fani imaima kapena ayi relay ikazulidwa. Makaniko wolandira mayankho amenewa sayamba ndi kuphwasula injini kapena kugulitsa fani yatsopano. Amapita pamene pali vuto, ndipo kawirikawiri galimoto imabwerera pa msewu tsiku lomwelo.